Mmene Mungayambitsire Ntchito Zongodzipereka Zothandiza Ana Pakampani Panu

Mtsikana wina wamng'ono anandigwira dzanja pamene tinkakwera basi yobwerera kuntchito, n'kundifunsa kuti, "Mubweranso mawa?" Tinali titatha tsiku lonse pasukulu yawo, gulu lathu la pakampani titavala malaya ofanana, tikupenta makalasi awiri ndi kusewera ndi ana. Ndinamuyankha kuti tibweranso posachedwa. Sitinapiteko. Patatha miyezi ndinakumana ndi mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, ndipo anandiuza mwaulemu kuti makoma tinapenta aja anali atapentedwa kale ndi gulu lina chaka cham'mbuyo, kuti tsiku limenelo ana sanaphunzire, komanso kuti chimene chinkamusowetsa tulo chinali zitseko zothyoka za zimbudzi za atsikana. Atsikana osinkhukirapo ankajomba chifukwa cha zitseko zimenezo. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anamufunsa.

Malangizowa ndalembera inu amene mwapatsidwa udindo woyambitsa ntchito zongodzipereka pakampani panu, kapena amene mtima wakugundani n'kufuna kuti inu ndi anzanu a kuntchito muchitepo kanthu pa ana. Anthu ofuna kuthandiza alipo ambiri m'makampani, ndipo mtima umenewo ndi chuma. Chimene chimasowa ndi ndondomeko yoti thandizo lifike pamene mwana akumva kuwawa. Ndayala nkhaniyi motsatira mmene ntchito yake imayendera, kuyambira mu ofesi ya abwana mpaka tsiku lotsanzikana.

Yambani ndi kupempha nthawi ndi ndalama kwa akuluakulu

Musanalonjeze munthu aliyense kunja, khalani pansi ndi akuluakulu a kampani mugwirizane zinthu zitatu: maola amene wogwira ntchito aziloledwa kuchoka osadulidwa malipiro, ndalama zimene zipatulidwe pachaka, ndi munthu mmodzi amene aziyankha pa zonse. Zimenezi zilembedwe m'ndondomeko za kampani, chifukwa lonjezo la pakamwa limasamuka limodzi ndi bwana amene analipereka.

Akamakayika, asonyezeni kuti njirayi ena anaiponda kale. Kampani ya General Electric inayamba mu 1954 kuwonjezera ndalama zofanana ndi zimene wogwira ntchito wake wapereka kusukulu ya ukachenjede, ndipo makampani ambiri anatengera njira imeneyi. Kampani ya mapulogalamu a makompyuta ya Salesforce imapatula 1 peresenti ya masheya ake, 1 peresenti ya zinthu zimene imapanga ndi 1 peresenti ya nthawi ya ogwira ntchito, moti aliyense amapatsidwa maola 56 pachaka, omwe ndi masiku 7 a ntchito. Ku India nkhaniyi inalowa m'malamulo: lamulo la makampani la mu 2013 limalamula makampani akuluakulu kugwiritsa ntchito 2 peresenti ya phindu lawo pa ntchito zothandiza anthu. Kampani yaing'ono isagwe mphwayi ndi manambala amenewa. Masiku awiri pachaka kwa munthu aliyense ndi okwanira poyambira, bola akhale otsimikizika.

Pemphaninso kuti munthu asamakakamizidwe. Kudzipereka kusakhale njira yokwezedwera pantchito, ndipo wokana asamayang'anidwe ndi diso lofiira. Munthu amene wabwera chifukwa choopa bwana amaonekera nkhope, ndipo ana sachedwa kuzindikira.

Yang'anani kaye m'nyumba mwanu

Mu 2012 UNICEF, Save the Children ndi UN Global Compact anatulutsa mfundo 10 zonena mmene makampani ayenera kulemekezera ufulu wa ana. Nkhani yothandiza m'madera ili pa nambala 10, kumapeto kwenikweni. Zimene zili patsogolo ndi monga kuthetsa kugwiritsa ana ntchito, kupereka ntchito yabwino kwa makolo ndi olera ana, ndiponso kuonetsetsa kuti katundu ndi malonda a kampani sakuvulaza ana. Ine ndimaona kuti ndandanda imeneyi inasanjidwa bwino. Malinga ndi ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, ndi UNICEF, mu 2020 ana 160 miliyoni padziko lonse ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo pafupifupi 70 peresenti mwa iwo anali mu ulimi. Choncho fufuzani kumene kampani yanu imagula zipangizo. Fufuzaninso ngati mayi amene wabereka amapatsidwa tchuthi chokwanira, ndiponso ngati mlonda ndi wokolopa mu ofesi yanu amalandira zokwanira kulipirira ana awo sukulu. Kugawa makope kwa ana a kutali pamene ana a antchito anu akusowa cholembera n'chinthu chimene antchitowo amachiona, ngakhale sanena.

Pezani bungwe logwira nalo ntchito, ndipo funsani

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimapindikira, choncho musathamange. Kampani yanu ikudziwa za mabanki, za mafoni kapena za mayendedwe a katundu. Za ana akuzidziwa ndi aphunzitsi, azaumoyo, makolo ndi mabungwe amene akhala m'deralo zaka zambiri. Pezani bungwe limodzi kapena sukulu imodzi yoti mugwirane nayo manja, ndipo pitani kukacheza nawo mulibe pulani m'thumba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhani ya PlayPump imandikumbutsa mwambi umenewu nthawi zonse. Inali pampu ya madzi yolumikizidwa ku chipangizo chozungulira chimene ana amasewerapo, moti akamazungulira madzi ankakwera kupita mu thanki. Pachithunzi zinkaoneka zokongola kwambiri, ndipo mu 2006 boma la America limodzi ndi mabungwe achifundo, kuphatikizapo Case Foundation, analonjeza madola 16.4 miliyoni kuti mapampuwa afalikire m'mayiko a mu Africa. M'malo ena mijigo imene anthu ankapopa ndi manja inachotsedwa eni ake osafunsidwa. Koma ana amatopa, amapita m'kalasi, amapita kunyumba. Amayi ndi agogo ndi amene anatsala akukankha chipangizo cholemera chija kuti apeze madzi. Chikawonongeka, zipangizo zokonzera sizinkapezeka pafupi. Pofika mu 2010 bungwe limene linkafalitsa mapampuwa linatseka. Opereka ndalama aja anali ndi mtima wabwino, ndipo mayi mmodzi wotunga madzi akanawauza vutoli pa mphindi zochepa akanamufunsa.

Mukakhala pansi ndi bungwelo, funsani chimene chikuwavuta kwambiri chaka chino. Funsani zimene magulu ena odzipereka anachita zomwe zinathandiza, ndi zimene zinangowawonjezera mtolo. Funsani kuti ndi anthu angati amene angawalandire pa nthawi imodzi popanda kusokoneza ntchito yawo. Ndipo auzeni mosabisa kuti ali ndi ufulu wokana. Mabungwe ang'onoang'ono amavomera chilichonse chimene kampani yanena poopa kutaya mnzawo wa ndalama, choncho yankho loyamba nthawi zambiri limakhala la ulemu chabe. Bwererani kachiwiri, khalani nawo nthawi, mumve zimene zili pansi pa mtima.

Anawo afunsidwenso. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe linavomerezedwa pa 20 November 1989, limanena mu gawo 12 kuti mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zimene zikumukhudza, ndipo maganizowo amvedwe molingana ndi msinkhu wake. Pemphani aphunzitsi kapena alangizi amene anawo amawadziwa kuti awafunse, anyamata paokha, atsikana paokha, osaiwala ana olumala. Nkhani ya zitseko ija ikanatuluka pomwepo.

Nanunso lifufuzeni bungwelo. Onani chiphaso chake cholembetsera ku boma, malipoti a zachuma amene anawunikidwa ndi akatswiri a kunja kwa bungwelo, maina a anthu a mu bodi, ndi ndondomeko yake yotetezera ana. Kaoneni ntchito yawo tsiku wamba, lopanda nyimbo zolandirira alendo. Dziwitsani ofesi ya boma yoona za maphunziro kapena za chisamaliro cha ana m'deralo. Mukakhutira, sainiranani chikalata chonena kuti wakuti achita chakuti, kwa nthawi yakuti, ndipo zinthu zikasokonekera nkhani izipita kwa wakuti.

Perekani luso limene muli nalo

Wowerengera ndalama amene watha zaka 15 pantchito yake akagwira burashi ya penti, amapenta moipa kusiyana ndi mmisiri wa m'deralo, ndipo mmisiriyo amataya ganyu imene ikanadyetsa ana ake. Munthu yemweyo atakhala masana anayi ndi msungichuma wa bungwe laling'ono, n'kumuthandiza kukonza mabuku a ndalama, bungwelo likhoza kupeza thandizo limene lakhala likulephera kupeza chifukwa cha malipoti osalongosoka. Choncho lembani maluso onse amene ali pakampani panu: a zamalamulo, a makompyuta, oyendetsa galimoto, amakaniko, olemba, odziwa kusunga katundu m'nyumba zosungiramo. Ikani ndandanda imeneyo pambali pa zosowa za bungwe lija, muone pamene zikukumana. Kampani ya makompyuta ya IBM inayamba mu 2008 kutumiza magulu a akatswiri ake kumayiko ena kwa milungu ingapo kuti akathandize mabungwe ndi maofesi a boma pa mavuto amene eni ake anasankha, ndipo nzeru yake ndi yomweyi.

Ntchito zina sizifuna n'komwe kukwera ndege. Mu 2014 mabungwe a Red Cross a ku America ndi ku Britain, bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières ndi gulu lokonza mapu la Humanitarian OpenStreetMap Team anayambitsa ntchito ya Missing Maps, imene anthu odzipereka amakhala pakompyuta n'kumajambula nyumba ndi misewu pamapu pogwiritsa ntchito zithunzi zochokera mumlengalenga. Mapu amenewo amathandiza opereka katemera ndi opulumutsa anthu pa ngozi kudziwa kumene kuli anthu. Gulu la mu ofesi likhoza kuchita zimenezi masana amodzi.

Kwa amene akufunitsitsa kukhala pafupi ndi ana, kuwerenga nawo mabuku ndi ntchito imene ndimaiyamikira kuposa zina. Mu 2022 World Bank ndi mabungwe anzake ananena kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, ana 7 mwa 10 alionse a zaka 10 sangathe kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Munthu wamkulu wokhala ndi ana atatu kapena anayi kwa ola limodzi sabata iliyonse, akuwamvetsera akamawerenga, amachita chinthu chimene mphunzitsi wa kalasi yodzaza sangakwanitse. Koma azitsatira njira imene mphunzitsiyo akugwiritsa ntchito, ndi m'chinenero chimene anawo akuphunzirira.

Ikani chitetezo cha ana musanatumize munthu ndi mmodzi yemwe

Anthu ena amakhumudwa mukawapempha kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mbiri ya milandu. Amati, "Ine mukundikayikira?" Afotokozereni modekha kuti lamuloli ndi la aliyense, kuyambira mkulu wa kampani. Ochitira ana nkhanza amafunafuna malo amene anthu amakhulupirirana popanda kufufuza, ndipo ntchito zachifundo ndi malo oterowo. Mu 2002 kafukufuku wa UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndi Save the Children ya ku Britain anaulula kuti ena mwa ogwira ntchito zothandiza anthu m'misasa ya othawa kwawo ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone ankagona ndi ana posinthanitsa ndi chakudya ndi zinthu zina za thandizo. Mabungwe ambiri anakhwimitsa malamulo awo zitachitika zimenezi, ndipo bungwe la Keeping Children Safe lili ndi miyezo imene mungatengereko polemba yanu.

Wodzipereka aliyense awerenge ndi kusainira malamulo a khalidwe. Asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka kapena m'galimoto. Pazikhala akuluakulu awiri, kapena malo oonekera kwa onse. Asapatsane nambala za foni ndi ana kapena kucheza nawo pa WhatsApp ndi Facebook. Asapatse mwana mmodzi mphatso mwachinsinsi, asamutengere kunyumba, asamulonjeze fizi payekha. Zonsezi munthu akhoza kuzichita ndi mtima woyera, koma ndi njira zomwezo zimene wofuna kuchita zoipa amadzera, ndipo mwana sangathe kusiyanitsa. Kumenya, kutukwana ndi kuchititsa mwana manyazi n'zoletsedwa, ngakhale ena pamalopo atamachita.

Phunzitsani anthu anu chochita mwana akawauza kuti wina akumuzunza, chifukwa zimachitika, ndipo zimachitika mwadzidzidzi, pakati pa kuwerenga buku. Mvetserani modekha, nkhope isaonetse mantha. Musamupanikize ndi mafunso. Musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo muuza munthu amene angamuthandize. Lembani mawu ake enieni mwamsanga, tsiku ndi nthawi, n'kukapereka tsiku lomwelo kwa munthu amene anasankhidwa kulandira nkhani zoterezi. Musapite kukafunsa woganiziridwayo nokha. Dzina ndi nambala ya wolandira nkhaniyo aliyense azidziwe asananyamuke, ndipo pakhale njira ina yonenera ngati woganiziridwayo ali iye mwini kapena ali bwana.

Nkhani ya zithunzi ndi yovuta chifukwa a ofesi yotsatsa malonda amazifuna kwambiri. Gwirizanani kuti azijambula ndi munthu mmodzi yekha, makolo ndi mwana yemwe atavomera, ndipo wokana asamanidwe thandizo. Musalembe dzina lonse la mwana pamodzi ndi sukulu yake kapena kumene amakhala. Musajambule mwana akulira, akudwala, kapena asanavale mokwanira. Chithunzi chikalowa pa intaneti chimakhalitsa, ndipo mwana wa zaka 9 amene mwamutcha wosauka pagulu lero, adzachipeza ali ndi zaka 19 akufunafuna ntchito. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe: chithunzi chimene simungalole kuti mwana wanu ajambulidwe, chisatuluke.

Musakonze maulendo okacheza kumalo osungirako ana amasiye

Ndikudziwa kuti mfundo iyi imapweteka, chifukwa ndi ulendo umene anthu amaupempha kwambiri, makamaka kumapeto kwa chaka. Mabungwe monga Save the Children ndi Lumos akhala akunena kuti pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse okhala m'malo oterewa ali ndi kholo limodzi kapena onse amoyo. Chimene chimawafikitsa kumeneko kawirikawiri ndi umphawi, ulumali kapena kusowa sukulu pafupi. Chivomezi chitagwedeza Haiti mu January 2010, anthu 10 a ku America anamangidwa akufuna kutulutsa m'dzikomo ana 33 amene ankati ndi amasiye, ndipo zinadziwika kuti ambiri mwa anawo anali ndi makolo.

Kumene alendo ndi ndalama zimakhamukira kumalo osungirako ana, malowo amachuluka, ndipo pamapezeka anthu oyenda m'midzi kukanyengerera makolo kuti apereke ana awo. Mu 2018 Australia inakhala dziko loyamba kuvomereza kuti mchitidwe umenewu ndi mtundu wa ukapolo wamakono, ndipo mu 2019 msonkhano waukulu wa United Nations unapempha mayiko kuti alimbikitse kulera ana m'mabanja ndi kuchitapo kanthu pa kuipa kwa maulendo a odzipereka m'malo amenewa.

Ngakhale pamalo oyendetsedwa mokhulupirika, mwana amavulala ndi kubwera ndi kupita kwa alendo. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest m'dziko la Romania mu 2000 anasonyeza kuti ana amene anachotsedwa m'malo osungirako ana n'kupita m'mabanja anakula bwino m'nzeru ndi m'maganizo kusiyana ndi amene anatsalira, makamaka amene anachoka asanakwanitse zaka 2. Mwana wamng'ono amafunika munthu mmodzi wokhazikika. Mwana amene amathamangira mlendo aliyense n'kumukumbatira amatisungunula mtima, koma akatswiri amati khalidwe limenelo nthawi zambiri ndi chizindikiro cha bala. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwanayo amatsala akuyambanso kuzolowera kusiyidwa.

Ndalama ndi nthawi yanu zipite ku mabungwe amene amathandiza mabanja kuti asapatukane, amene amafufuza abale a ana n'kuwabwezera kwawo, ndi amene amaphunzitsa mabanja olera ana a ena. Ngati kampani yanu yakhala ikuthandiza malo oterewa kwa zaka, musadule thandizo mwadzidzidzi, chifukwa anawo ndi amene angagone ndi njala. Kambiranani ndi oyang'anira malowo ndi a boma za mmene thandizolo lingasamukire pang'onopang'ono kutsatira ana kumabanja.

Lonjezani zochepa, koma zokhalitsa

Masiku apadera ali ndi ntchito yake. Pa 5 December ndi tsiku la anthu odzipereka padziko lonse, lomwe United Nations inakhazikitsa mu 1985, ndipo pa 18 July anthu amapereka mphindi 67 pokumbukira Nelson Mandela. Masiku amenewa akhale khomo lokopera anthu atsopano, ndipo muwapatse ntchito zosafuna ubwenzi ndi mwana, monga kukonza madesiki, kubzala mitengo kapena kusanja mabuku.

Ntchito yokhala mlangizi wa mwana kapena yowerenga naye ndi ina. Kafukufuku wa mu 2002 pa ana a m'bungwe la Big Brothers Big Sisters ku America, lomwe limapezera ana alangizi odzipereka, anapeza kuti amene anakhala ndi mlangizi wawo kupitirira chaka ndi amene anapindula kwambiri, pamene amene ubwenzi wawo unatha miyezi 3 isanakwane anabwerera m'mbuyo pa kudzidalira kwawo ndi pa mmene ankadzionera pa maphunziro. Choncho wofuna ntchito imeneyi alonjeze chaka chonse cha sukulu. Muuzeni kuti walira mvula walira matope: padzakhala masabata a ntchito yambiri mu ofesi, masiku otopa, masiku amene mwanayo sadzafuna kulankhula. Amene akuona kuti sangakwanitse anene poyambirira, mumupatse ntchito ina. Ikani anthu awiriawiri kuti wina akadwala mnzake apite.

Tumizani ndalama, katundu akhale wopemphedwa

Ngozi ikagwa kwinakwake, m'maofesi mumayamba kusonkhanitsidwa zovala ndi nsapato. Namondwe wotchedwa Pam atawononga dziko la Vanuatu mu March 2015, kunafika makontena oposa 70 a katundu amene palibe anamupempha, muli nsapato zazitali zidendene, zikwama za m'manja ndi majuzi a ubweya, m'dziko lotentha. Katunduyo anadzaza doko, anadya ndalama zosungira, ndipo wina anathera kudzala. Ndalama zimayenda msanga, zimagula chimene chikufunikadi, ndipo zikagulira m'deralo zimadzutsa amalonda a komweko.

Pali zinthu ziwiri zimene musasonkhanitse nokha ngakhale pang'ono. Mkaka wa m'chitini wa makanda ukagawidwa mwachisawawa kumene madzi ndi akuda umabweretsa matenda otsegula m'mimba ndipo umasiyitsa amayi kuyamwitsa. WHO inakhazikitsa malamulo a katsatsidwe ka mkaka umenewu mu 1981. Mankhwala nawonso, malangizo a WHO amati azifika atatsala ndi chaka kapena kuposerapo kuti athe mphamvu, ndipo akhale amene dzikolo lapempha. Zimenezi zisiyireni akatswiri.

Pa bajeti yanu muikemo ndalama zolipirira bungwe lija pa nthawi imene likuthera pa inu. Kulandira odzipereka 20 kumafuna munthu wowakonzera ntchito, wowayang'anira ndi wokonza zimene alakwitsa. Lolaninso kuti gawo la thandizo lanu lipite ku malipiro, magetsi ndi mafuta a galimoto. Makampani ambiri amafuna kulipira chinthu chimene angachimatepo chizindikiro chawo, koma amene amafika kwa mwana ndi wogwira ntchito wa bungwe uja, ndipo iye amafunika malipiro pakutha pa mwezi.

Tsiku lopita

Kutatsala sabata, kumanani kwa ola limodzi, ndipo wa kubungwe lija ndi amene afotokoze za malowo, kavalidwe koyenera ndi zimene zimakhumudwitsa eni ake. Tsimikizani za inshuwalansi, galimoto ndi bokosi la mankhwala a thandizo loyamba. Sankhani nthawi yosadula maphunziro. Mukafika, woyendetsa zinthu ndi mwini malo, ngakhale mkulu wa kampani atakhala pomwepo. Zolankhula zikhale zochepa, ana asaimikidwe padzuwa kudikira alendo, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo.

Yezani chimene chasintha, ndipo tsanzikani bwino

Malipoti a makampani amakonda kuwerenga maola ndi chiwerengero cha odzipereka. Manambala amenewo amanena zimene kampani yapereka. Inu mufunikanso kudziwa zimene mwana walandira. Gwirizanani ndi bungwe lija zizindikiro ziwiri kapena zitatu zosavuta kuyeza, monga mmene ana akuwerengera poyamba ndi pakutha pa chaka, masiku amene atsikana ajomba, kapena ngati makompyuta munaika aja akugwirabe ntchito patatha miyezi 12. Musawasenzetse mafomu ambirimbiri. Kawiri pachaka afunseni zimene mukulakwitsa, ndipo wofunsayo asakhale amene amasaina cheke. Zimene zalephereka zilembeni mu lipoti la kwa akuluakulu pamodzi ndi zimene zayenda.

Mgwirizano uliwonse umatha, choncho kambiranani za kutha kwake pa tsiku limene mukuyamba. Bungwelo lidziwitsidwe kutatsala miyezi 6 kapena kuposerapo, kuti lifunefune kwina. Siyani m'manja mwawo makiyi, manambala achinsinsi a makompyuta, mabuku a malangizo ndi nambala ya mmisiri wa pafupi amene angakonze chinthu chikawonongeka. Kwa ana, alangizi awo awauze kutatsala masabata angapo kuti tsiku lomaliza ndi lakuti, aphunzitsi ali pomwepo, ndipo awafotokozere kuti kuchokako si chifukwa cha cholakwa chawo. Mwana akakugwirani dzanja n'kufunsa ngati mubweranso, muuzeni tsiku lenileni ngati lilipo. Ngati palibe, gwadani mufanane naye msinkhu, mumuuze kuti lero ndi lomaliza, ndipo mumutchulire dzina la mphunzitsi amene apitirize kuwerenga naye sabata yamawa.